Ndege Yansalu ndi Dzina la Mlamu Wanga

Mlamu wanga Jailosi anafa Lachinayi m'mawa pa bwalo la ndege, kutali ku Joni, ndipo amene anamupha ndine. Sindinamumenye ndi kanthu. Ndinangokankha timaswichi tiwiri ndi chala. Koma choipa changa chachikulu si chimenecho. Choipa changa ndi zimene ndinanena pambuyo pake, mwiniwake atagona pansi osatha kudziyankhira.

Ife ndife a kum'mawa. Makolo anachoka ku Katete kudzafuna malo olima kuno ku Chongwe ine ndikali woweta mbuzi, ndipo khomo la sukulu sindinaliwone. Nditakula ndinalowa ntchito pa famu ya mzungu wina chakufupi ndi Chalimbana. Tinkamutcha Chipewa chifukwa sankavula chipewa ngakhale pakudya. Ntchito yanga inali yosoka: masaka, matenti, mipando ya galimoto. Jailosi anali makanika wa mathirakitala pa famu yomweyo, Msoli mwa mtundu, wa ku Bundabunda, ndipo anakwatira mlongo wanga Esinati. Anali munthu wanthabwala, wophunzira pang'ono, wodziwa kumva matenda a injini ndi khutu. Koma mowa unkamukoka. Loweruka lililonse tinkakamutola m'ngalande.

M'masiku a chipani chimodzi, mchere ndi sopo zitayamba kuimiridwa pamzere, Chipewa anagulitsa famu. Anati akupita kumwera ndipo akufuna atenge ife awiri. Esinati anakana.

"Kuno muli ndi ine wokutolani," anauza mwamuna wake. "Kumeneko mukafera m'botolo, adzakutolani ndani?"

Jailosi anaitana mwana wawo Lameki, amene anali atangoyamba kuyenda, n'kumusanjika dzanja pamutu.

"Esinati, nalumbira pa mutu wa uyu mwana. Nikagwira botolo kuja, nisakabwele."

Mlongo wanga anatembenukira kwa ine. "Achimwene, ndakupatsani munthuyu. Mukakhale maso anga."

Ndinavomera.

Njira ya ku Rodeshiya inali yotseka. Tinazungulira ku Kazungula, kuwoloka mtsinje pa pantuni, n'kudutsa Botswana titakhala kumbuyo kwa lole pakati pa mipando ndi mabedi a bwana. A ku Zambia sankafunika ku Joni masiku amenewo, choncho Chipewa anatipezera mapasi onena kuti ndife a ku Malawi, aliyense ndi dzina lachilendo. Jailosi anaseka mpaka misozi.

"Ine Msoli nakhala Munyasa lelo! Ba mulamu, niphunzitseni kukamba ndithu ndithu, bangatigwile."

Tinafikira pa bwalo la ndege laling'ono, laudzu, lokhala ndi mashedi a malata. Kuseri kwa mashedi kunali tizipinda ta antchito, ndipo kathu kanali komaliza. Nyengo yozizira madzi ankauma m'chidebe. Tinkagona ndi majekete.

Chipewa anagula ndege yakalekale kwa mayi wina wamasiye. Inali yaikulu kwa ife tonse pa zaka, ndipo nkhuku zinkaikira mazira pampando wake. Inali ndi mapiko awiri mbali iliyonse, lina pamwamba lina pansi, omangidwa ndi mawaya. Mkati mwa mapikowo munali timatabwa topyapyala ngati minga ya nsomba, ndipo kunja kwake kunali nsalu chabe. Nditaiona ndinati mzunguyu wapenga, munthu angauluke bwanji m'malaya? Koma iye anati m'zaka ziwiri adzalowa nayo mpikisano.

Tinagawana ntchito. Jailosi anatenga injini, ine mapiko ndi thupi. Ndinang'amba nsalu yonse yakale, n'kukuta yatsopano. Ndinkasoka ndi singano yotalika ngati mkono, kuboola phiko kuchokera pamwamba kutulukira pansi, mfundo iliyonse payokha, kuti imodzi ikaduka zina zisamasuke. Kenako tinkapaka mankhwala onunkha amene amakoka nsalu mpaka ukaigogoda ilire ngati ng'oma. Fungo lake linkazunguza mutu, ndipo bwana ankatipatsa mkaka, akuti umachotsa poizoni. Unkapaka, kuuma, kupala, kupakanso. Zikhadabo zanga zinasweka zonse. Koma ndisaname, ndegeyo ndinaikonda. Ndinkaitcha yanga.

Chipewa ankakhulupirira kuti ndimadziwa kuwerenga. Ndinamunamiza kale ku famu pofuna ukapitao, ndipo bodzalo ndinawoloka nalo malire. Zitini za mankhwala ndinkazidziwa ndi mtundu ndi fungo. Pakakhala pepala, Jailosi ankadutsa pafupi n'kundinong'oneza. Makalata a kumudzi ankandiwerengera ndi iye. Kangapo anafuna kundiphunzitsa, akulemba zilembo pafumbi ndi sipanala.

"Iyi ni A, ba mulamu. Iwoneka monga denga ya nyumba."

"Choka apa," ndinkatero. "Munthu wandevu ngati ine ndiziimba a, e, i pamaso pa mkamwini wa kwathu?"

Lumbiro lake analisunga. Abesutu ndi Azulu amene tinkagwira nawo ntchito ankamuseka, akumutcha m'busa. Iye ankangokweza kapu yake ya tiyi wothira shuga wambiri, n'kunena kuti, "Ine mukazi wanga ali na maso kuno," akuloza ine. Zaka ziwiri zathunthu sanalawe ngakhale dontho. Ndinaona ndi maso angawa.

Sabata ya mpikisano inafika injini itangolira miyezi yochepa. Ndege zinayamba kutera Lolemba, zatsopano zonyezimira ndi zakale ngati yathu. Udzu wonse unadzaza matenti, magalimoto ndi utsi wa nyama. Lamulo linali loti ndege zochedwa ziyambe kunyamuka, zaliwiro zitsatire pambuyo, ndipo yoyamba kubwerera pabwalo ndiyo yapambana. Choncho ngakhale nkhalamba yathu inali ndi mwayi, ndipo Chipewa sankadya bwino poganiza zimenezo. Panalinso akuluakulu oyendera, amene ankasuzumira ndege iliyonse. Akapeza cholakwika, ndegeyo sinkaulukanso sabata imeneyo.

Chipewa ankaiyesa m'mawa uliwonse, ndipo akatera ntchito yathu inkayamba. Jailosi ankamasula mapulagi, kuwatsuka, kusintha oyilo, kusefa petulo pa chikopa chofewa kuti madzi asalowe. Ine ndinkayenda ndi chala pa msoko uliwonse, kugogoda mawaya kuti ndimve ngati alira mofanana, kumata timipata tonse tolowa mphepo. Pomaliza ndinkapukuta ndege yonse mpaka ntchentche iterereke. Bwana ankati ndege yosalala imathamanga. Ndinaletsa aliyense kuigwira ndi manja akuda, ngakhale mlamu wanga.

Ndege imeneyo inalibe kiyi. Inkalizidwa ndi manja, pokoka pulopela, thabwa lija lozungulira kutsogolo. Poyamba umaizunguza pang'onopang'ono kangapo moto uli wozima, kuti petulo alowe. Pamenepo munthu amaima pafupi, kuigwira ndi manja awiri ngati akukumbatira. Moto ukayatsidwa ndiye umaima mwina, kukoka kamodzi n'kudumphira kumbuyo. Motowo unkayatsidwa ndi timaswichi tiwiri timene tinali kunja, kumanzere, pafupi ndi mpando wa woyendetsa. Timeneto ankatigwira ndi bwana ndi Jailosi basi. Ine ndinkangopukuta mozungulira.

Lachinayi Chipewa anatera akudandaula kuti injini ikukhosomola. Jailosi anasintha mapulagi injini ikali yotentha. Bwana anaitanidwa ku msonkhano wa oyendetsa, ndipo tinatsala awiri. Jailosi atamaliza anabwera chakumbali kuti aone maswichi asanazunguze pulopela, monga ankachitira nthawi zonse. Manja ake anali bii ndi oyilo mpaka m'zigongono.

"Iwe, usayandikire," ndinatero. "Ndangomaliza kupukuta. Ndikuonera ndine."

"Ba kapitao bakalipa," anatero akuseka, n'kubwerera kutsogolo. "Onani kuti ni vozima, mulamu."

Ndinayang'ana. Timaswichi tonse tiwiri tinali pansi. Pambali pake panali mawu olembedwa ndi utoto woyera, koma kwa ine anali ngati mapazi a nkhuku. Tsono ine ndinali munthu woyatsa ndi kuzimitsa magetsi a m'shedi tsiku lililonse. Swichi ya m'nyumba ukaitsitsa nyale imayaka, ukaikweza imazima. Ndinati mumtima, taonani bwana wasiya moto woyaka, ndipo ndine ndapulumutsa munthu lero. Ndinatikweza tonse tiwiri.

Ndikanatha kufunsa. Anali pamenepo, mtunda wa mapazi asanu. Koma kufunsa kukanakhala kuvomera kuti kapitao sadziwa ndege yake.

"Mwazimitsa?"

"Ndazimitsa."

Anakumbatira thabwa lija n'kukoka. Injini inabangula. Sindilemba zimene ndinaona. Thabwalo linamupeza paphewa ndi pamutu. Ndinamenya timaswichi tija ndi dzanja osaganiza, tinatsika, ndipo injini inaima. Pamenepo ndi pomwe ndinadziwa kuti pa ndege, kukweza ndiko kuyatsa.

Anthu anathamangira. Jailosi sanalankhulenso. Chipewa atafika anagwada pambali pake, ndipo kanali koyamba kumuona atavula chipewa. Kenako anadzuka, n'kupita kukayang'ana maswichi. Anawapeza ali pansi. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Injini ikalira maswichi ali ozima, ndiye kuti waya wina ndi woduka, ndipo oyendera aja akanatsekera ndegeyo m'shedi. Anandikokera kuseri.

"Ndani anagwira maswichi?"

Sanadikire yankho langa.

"Dzulo antchito anapatsidwa mowa," anatero pang'onopang'ono, m'Chinyanja chake cha pafamu. "Jailosi kale anali munthu wa mowa. Ine ndikumbuka. Iye anamwa dzulo?"

Sanandiopseze. Ndiyenera kunena zimenezo. Anangonditsegulira khomo, ndipo ine ndinalowa ndekha. Ndinaganiza za apolisi a dziko limenelo, za pasi yanga yabodza, za ndende.

"Anamwa, bwana."

"Ndiye anakweza yekha maswichi, n'kuiwala?"

"Anakweza yekha. Ine ndi amene ndinatsitsa."

Wapolisi analemba zomwezo. Sanafunse n'komwe ngati ndimatha kulemba dzina. Anangogwira chala changa, chomwe chija, n'kuchidinda papepala.

Mpikisano sunaime. Lachisanu tinamanga pulopela ina. Ndinatsuka mphuno ya ndege ndi phiko la pansi, ndipo zonse zinachoka ndi madzi okha, pakuti nsalu yopakidwa bwino simwa kanthu. Chipewa anabwereka makanika wachisutu wa shedi ina kuti andiphunzitse kukoka pulopela. Munthuyo anayambira pa maswichi.

"Pamwamba ndi moyo, pansi ndi tulo," anatero. "Wamva?"

Phunziro lonse linatha msanga kuposa kuyatsa ndudu.

Loweruka ndinaima pamene Jailosi anaima, n'kukoka. Ndege inanyamuka anthu akuwomba m'manja. Sinapambane, sinakhalenso yomaliza. Lolemba tinamuika mlamu wanga kumanda a ku lokeshoni, ine ndi Abesutu awiri. Pa kathabwa ka pamanda analemba dzina la pa pasi lija. Ngakhale lero wina atapitako sangamupeze.

Kalata yopita kumudzi analemba ndi mkazi wa Chipewa, ndipo inanena za mowa. Ine ndinakhalako zaka zina, osati chifukwa chokonda ntchito, koma kuopa nkhope ya Esinati. Ndinkatumiza mabulangete, sopo ndi nsapato za Lameki kudzera mwa oyendetsa malole. Ndegeyo ndinapitiriza kuisoka ndi kuipukuta. M'manja mwanga sinachitepo ngozi ina. Chipewa atadwala anaigulitsa, ndipo ine ndinanyamula sutikesi yanga ndi ya Jailosi, n'kubwerera kwathu.

Ndinapeza dziko lili pamizere. Pa zotchinga za pamsewu asilikali ankandifunsa kumene ndinali zaka zonsezi, ndipo pamsika anyamata ankafuna kadi ya chipani imene ndinalibe. Amayi ndinapeza anamwalira. Mkazi wanga, amene ndinamusiya kumudzi, anali atatopa kudikira, n'kukwatiwa ku Kabwe. Esinati ndinamupeza m'mbali mwa msewu waukulu pa Chongwe, akugulitsa repu ndi tomato, atawonda ngati si iye. Anandikumbatira akulira. Titafika kunyumba anandifunsa funso limodzi.

"Achimwene, inu munali maso anga. Anamwadi?"

"Anamwa."

Sanalire. Sutikesi ija anaitumiza kwa abale ake a Jailosi ku Bundabunda osaitsegula. Kuyambira pamenepo dzina la mwamuna wake silinatulukenso m'kamwa mwake, kupatula pokalipira mwana. "Ufuna ukhale ngati atate ako, amene analumbira pamutu pako n'kukagulitsa lumbiro ndi botolo?" Lameki anakula akumva zimenezo. Ine ndinkakhala pomwepo, ndikudya chakudya cha mlongo wanga, kuvala malaya ochapa iye. Ankauza anthu kuti, "Pakanapanda achimwene, mwanayu akanayenda wopanda nsapato." Mawu amenewo ankandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Imvi zitamera ndinalowa sukulu ya akuluakulu ku tchalitchi, kumene ophunzira uphunzitsi a ku Chalimbana ankabwera kudzatiphunzitsa. Anthu ankati mdalayu akufuna kuwerenga Baibulo asanafe. Ine ndinkafuna kulemba kalata, chifukwa pakamwa panandikanika. Ndinalemba makalata ambiri opita kwa Esinati, amene ankakhala nyumba yoyandikana ndi yanga. Onse ndinasonkhezera moto.

Lameki anakula, napeza munda ku Kanakantapa, natenga amayi ake kukakhala nawo. Ana ake oyamba anali aakazi. Atabadwa wamwamuna, anafuna kumutcha Jailosi. Esinati anakana, ndipo mwana anatha masabata opanda dzina. Kwathu timadziwa kuti dzina siliyenda lokha, limabwera ndi khalidwe la mwiniwake. Lameki anatumiza uthenga kuti ine, monga malume, ndikaweruze.

Ndinafika masana. Esinati anali pakhonde akusenda nshawa m'lichero. Lameki anandipatsa mpando.

"Amalume, kambani naimwe. Nifuna chabe dzina ya batate isafe. Olo benze chakolwa, benze batate banga."

"Mdzukulu wanga sadzasenza dzina la munthu wosasunga mawu," anatero Esinati osakweza mutu. "Achimwene, muuzeni. Inu munaona."

Ndinayang'ana manja ake. Zala zinali zitapindika ndi ukalamba. Ndinaona kuti ndikatseka pakamwa tsiku limenelo, ndikhala ndamuika Jailosi kachiwiri, ndipo ulendo uno pamodzi ndi dzina lake lenileni.

"Mlongo wanga, Jailosi sanamwe."

Dzanja lake linaima.

Ndinanena zonse, monga ndalembera pano. Za manja a oyilo, za timaswichi, za mawu oyera amene sindinathe kuwerenga, za kuseri kwa shedi. Palibe anandidula. Nkhuku inabwera n'kuyamba kujompha m'lichero, ndipo palibe anaiingitsa.

"Tsiku limenelo lokha, kapena?" anafunsa Esinati.

"Zaka zonse ziwiri. Ngakhale dontho."

"Ndipo inu munadziwa, tsiku lija ndinakufunsani."

"Ndinadziwa."

"Ndinasiya kumupempherera," anatero motsitsa, ngati akuuza lichero. "Ndinamutukwana ali m'manda. Ndinaphunzitsa mwana wake kuchita naye manyazi. Ndipo inu munkamva, mukusamba m'manja kuti mudye."

Ndinatsika pampando n'kugwada. Sanandiyang'ane. Anaitana mpongozi wake kuti abweretse mwana. Anamulandira, n'kumuvundukula nkhope, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"A Jailosi," anatero. "Mwabwera? Mundikhululukire, bambo. Anandinamiza."

Pamenepo ndi pomwe analira, maliro amene anayenera kulira kalekale. Akazi a nyumba zapafupi anatuluka akuganiza kuti wina wamwalira. Ine ndinali chigwadire. Atatonthola anapukuta maso ndi chitenje, n'kuuza Lameki kuti:

"Perekeza mlendoyu ku basi, dzuwa lisanapendeke."

Lameki anandiperekeza. Basi itafika anabwerera osandigwira dzanja.

Ndinakumana ndi Esinati kamodzi chichitikire zimenezo, pa maliro a munthu wina ku Chongwe. Anapinda maondo mwaulemu, n'kunena kuti, "Muli bwanji, bambo?" Kenako anapitirira. Jailosi wamng'ono uja akuti tsopano akuthamanga, ndipo ndi wanthabwala. Sindinamunyamulepo.